Kusunga chishango cha mnzako: zimene dziko limapeza ndi zimene limalipira likalandira zida zotchinga mizinga

Pa 17 Sepitembala 2009, pakati pa usiku patangodutsa pang'ono, foni idalira kwa nduna yayikulu ya Czech Republic, a Jan Fischer. Woyimba adali pulezidenti wa America, a Barack Obama, ndipo uthenga wake udali wakuti radar yayikulu, chida choonera mizinga ili patali, imene America inkafuna kumanga m'mapiri a Brdy, kum'mwera chakumadzulo kwa Prague, simangidwanso. Mizinga khumi yotchinga imene idayenera kukakhala ku Poland nayo idathera pomwepo. Ku Warsaw zidawawa kawiri, chifukwa tsikulo n'limene zinkakwana zaka 70 chilowereni asilikali a Soviet Union m'dziko la Poland mu 1939.

Chodabwitsa n'chakuti America idali itanena mobwerezabwereza kuti zidazo sizidali zolimbana ndi Russia. Zidali zodikirira mizinga ya Iran, dziko limene silidali pa mkangano uliwonse ndi Poland. Nanga anthu a ku Poland ankaliriranji chishango chimene sichidasulidwire mdani amene iwo amamuopa?

Tiyambe ndi zidazo. Mzinga wopita kutali, umene akatswiri amati ballistic missile, umayenda ngati mwala woponyedwa m'mwamba. Injini yake imayaka kwa mphindi zochepa chabe, kenaka mzingawo umakwera mpaka kutuluka mumpweya wokuta dziko, n'kuyamba kugwera kumene adaulozetsa. Wochoka kontinenti ina kupita ina umatenga pafupifupi mphindi 30, ndipo wapafupi sukwanitsa n'komwe mphindi khumi. M'kanthawi kameneka setilaiti iyenera kuona moto wa mzinga ukamanyamuka, radar iugwire n'kumautsatira, kompyuta iwerengere pamene udutse, ndipo mzinga wina utumizidwe kukakumana nawo. Mzinga wotchinga wa SM-3, umene lero uli ku Romania ndi ku Poland, ulibe bomba kumutu kwake. Umangogunda unzakewo pa liwiro la makilomita angapo pa sekondi imodzi, ndipo kugundanako n'kumene kumaphwanya zonse.

Vuto lagona pa radar. Dziko ndi lobulungira pamene radar imaona molunjika ngati diso, choncho ukaiika kutali, mzinga umakhala wobisika kuseri kwa dziko pa mphindi zomwe zikadakupulumutsa. Diso liyenera kukhala pafupi ndi khomo la mdani, ndipo malo amenewo kawirikawiri amakhala a eni ake. N'chifukwa chake America ili ndi radar ku Kürecik m'dziko la Turkey yoyang'ana ku Iran, ziwiri ku Japan, pa Shariki ndi pa Kyogamisaki, zoyang'ana ku North Korea, komanso ina ku Pituffik m'dziko la Greenland, pa njira yachidule imene mizinga yochokera ku Russia ingadutse popita ku America. Ngakhale dziko lamphamvu chotani, silingasunthe mapu. Liyenera kupempha malo.

Chifukwa chake chishango chimakwiyitsa

Munthu wamba angati chida chodzitetezera sichiyenera kudetsa nkhawa wina aliyense. Pa nkhani ya zida za nyukiliya sizili choncho. Taganizani za anthu awiri, aliyense atanyamula mkondo koma wopanda chishango. Palibe amene angayambe kuponya, pakuti akudziwa kuti winayo amubwezera asanafe. Mmodzi akapeza chishango, ngakhale chobookabooka, zinthu zimasintha: atha kuponya poyamba, kuwononga mikondo yambiri ya mnzake, n'kutchinga yochepa yotsalayo. Mnzakeyo ataona zimenezi amathamangira kusula mikondo ina.

Maganizo amenewa ndi amene adachititsa America ndi Soviet Union kusaina pangano la ABM mu 1972, lochepetsa kwambiri zida zotchinga mizinga. Poyamba dziko lililonse lidaloledwa malo awiri okha, ndipo mu 1974 adachepetsanso kufika pa amodzi. Pulezidenti George W. Bush adatulutsa America m'panganoli mu 2002, ponena kuti chiopsezo tsopano chikuchokera ku mayiko ngati Iran ndi North Korea. Patapita zaka zisanu mpamene adapempha malo ku Poland ndi ku Czech Republic.

America ikamati mizinga khumi, kapena 24 imene ili ku Deveselu m'dziko la Romania, singatchinge mizinga mazanamazana ya Russia, ikunena zoona. Koma nkhawa ya Moscow siyili pa chiwerengero cha lero. Maziko akakumbidwa, mawaya n'kuyalidwa, asilikali n'kuzolowera malo, kuwonjezera zida mawa sikuvuta. Palinso dandaulo lina limene, kwa ine, silingangotayidwa kumbali. Zoponyera mizinga za ku Deveselu ndi ku Redzikowo m'dziko la Poland ndi zamtundu wa Mk 41, womwewo umene sitima zankhondo za America zimaponyera mizinga yoputira nkhondo ya Tomahawk. America imati zapamtundazo zilibe zipangizo zoponyera Tomahawk, koma wakunja alibe poonera zimenezo. Pangano la INF la 1987, loletsa mizinga yapamtunda yofika mtunda wapakati, litatha mu Ogasiti 2019, sipadathe masabata atatu America isanayesere ku California mzinga wotere kuchokera m'choponyera cha Mk 41. A Russia adati: si izi timanena zija? Iwo eni, komabe, adali ndi mlandu wawo. America ndi mayiko a NATO, mgwirizano wankhondo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, adanena kuti mzinga wa Russia wotchedwa 9M729 ndi umene udayamba kuphwanya panganolo.

Dziko lolandira zida limalowa m'kati mwa mkangano wonsewu kaya lifune kaya lisafune. Pa 5 Novembala 2008, tsiku lotsatira chisankho chimene a Obama adapambana, pulezidenti wa Russia wa nthawiyo, a Dmitry Medvedev, adalengeza kuti aika mizinga yoputira nkhondo ya Iskander ku Kaliningrad, dera la Russia limene lili pamalire penipeni ndi Poland.

Chimene Poland inkagula

Zokambirana za America ndi Poland zidayenda mwa apa ndi apo kwa chaka choposa chimodzi. Boma la a Donald Tusk, limene lidalowa kumapeto kwa 2007, lidaumirira kuti malowo saperekedwa ulele. Mfundo yawo idali yomveka: mukatiikira zida zanu, Russia itiloza ife, tsono tipatseni mizinga yotchinga ya Patriot ndi asilikali anu kuti atiteteze ku mkwiyo umene mwatibweretserawo. Kenaka mu Ogasiti 2008 nkhondo idabuka pakati pa Russia ndi Georgia, ndipo pa 20 mwezi womwewo nduna za zakunja, mayi Condoleezza Rice a ku America ndi a Radosław Sikorski a ku Poland, adasaina pangano ku Warsaw.

Poland idali kale membala wa NATO kuyambira 1999, ndipo ndime yachisanu ya pangano la bungweli imati woputa mmodzi waputa onse. Koma anthu a ku Poland amakumbukira kuti mu 1939 adalinso ndi mapangano olembedwa bwino ndi Britain ndi France, ndipo Germany itawaukira, abwenziwo adalengeza nkhondo koma thandizo lenileni silidafike. Pepala lokha silidawakhutitse. Ankafuna chikole: asilikali a America okhala panthaka pawo usana ndi usiku, ndi nyumba zodula zimene America singazisiye. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Woukira Poland akadayenera kuyamba waganiza za mkhate wa America umene angauphwanye. Kuti mizingayo ikuloza ku Iran kapena kwina, imeneyo kwa iwo idali nkhani yachiwiri.

Ku Czech Republic zidali zosiyana. Kafukufuku ankaonetsa mobwerezabwereza kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse sankaifuna radar, ndipo midzi ina yozungulira Brdy, monga Trokavec, idachititsa mavoti akeake n'kukana. Ambiri ankakumbukira asilikali a Soviet Union amene adalowa mu 1968 n'kudzachoka mu 1991. Boma la a Mirek Topolánek lidasaina pangano mu Julayi 2008, koma mu Malichi 2009 lidalichotsa m'nyumba ya malamulo poopa kugonja, ndipo mwezi womwewo bomalo lidagwa. Andale amene adanyozedwa ndi anthu awo chifukwa choikira kumbuyo bwenzi ndi omwewo amene adadzamva kuti bwenziyo wasintha maganizo. Paja akuluakulu adati mlendo ndi mame. Boma la Washington limatha kusintha pa zaka zinayi zilizonse, pamene woyandikana naye wokwiyayo sapita kulikonse.

Mawu amodzi osowa m'chikalata

A Obama sadataye ntchito yonse. Adabweretsa ndondomeko ina yogwiritsa ntchito mizinga yaing'ono ya SM-3, yoyambira pa sitima zapamadzi n'kudzafika pamtunda pang'onopang'ono. Chachikulu chimene adasintha ndi dzina la mwini ntchito. Pamsonkhano wa ku Lisbon mu Novembala 2010, NATO idavomereza kuti kutchinga mizinga ndi ntchito ya bungwe lonse. Zida zambiri zidakhalabe za America, ndalama za America, ogwira ntchito a America, koma nduna yopita ku nyumba ya malamulo tsopano inkatha kunena kuti ikukwaniritsa udindo wa mgwirizano. Kunena choncho n'kopepuka kusiyana ndi kunena kuti yapereka nthaka kwa dziko lina.

Turkey ndiyo idaonetsa luso la ukazembe pamenepa. Aliyense ankadziwa kuti zidazo n'za Iran, koma Turkey imagawana malire ndi Iran ndipo inkagula gasi kumeneko. Idakana kuti dzina la Iran lilembedwe m'chikalata cha ku Lisbon, ndipo silidalembedwe. Idanenanso kuti zimene radar ya ku Kürecik iziona zisamapite ku Israel. Mu 2011 idavomera kulandira radar. Spain idalola sitima zinayi zankhondo kukhala padoko la Rota, malo a ku Deveselu adayamba ntchito mu Meyi 2016, ndipo likulu loyendetsera zonse lidaikidwa ku Ramstein m'dziko la Germany.

M'mapangano otere muli zambiri zotopetsa kuwerenga: ndani alondera mpanda wakunja, ndani alipira magetsi ndi misewu, msilikali wachilendo akapalamula aweruzidwa kukhoti la ndani. Koma funso lolemera kuposa onse ndi lakuti ndani alamula kuti mzinga uponyedwe. Ndi mphindi zochepa zija, palibe nthawi yodzutsa nduna, kuitanitsa aphungu, kapena kukhala pamsonkhano wa akazembe a mayiko 32. Malamulo a nthawi yoponyera amagwirizanidwa kale, mphamvu n'kuperekedwa kwa mkulu wa asilikali. Zikutanthauza kuti dziko lolandira limavomera lero kuti tsiku lina nthaka yake idzalowa m'nkhondo popanda kufunsidwa pa ola limenelo, mwinanso poteteza mzinda wa dziko lina. Ndipo zidutswa za mizinga iwiri yogundanayo zidzagwera penapake.

Zimene zidachitika ku Seongju

Palibe dziko limene lidalipira mtengo wooneka ndi maso ngati South Korea. North Korea itaphulitsa bomba la nyukiliya lachinayi mu Januwale 2016, boma la mayi Park Geun-hye lidagwirizana ndi America mu Julayi chaka chomwecho kuti libweretse zida zotchinga mizinga za THAAD. Malo osankhidwa adali Seongju, dera la alimi a mavwende kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo, limene lidavotera mayi Park mwaunyinji. Anthu akumeneko adamvera pa nkhani ngati wina aliyense. Nduna yayikulu, a Hwang Kyo-ahn, itapita kukawapepesa, adaigenda ndi mazira ndi mabotolo amadzi, n'kutsekereza basi yake kwa maola angapo. Anthu mazanamazana adameta mipala posonyeza kukwiya. Mphekesera idafala yakuti mphamvu yotuluka mu radar iwononga mavwende ndi thanzi la anthu. Lipoti la boma lonena kuti mphamvuyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlingo wovomerezeka lidadzatuluka mu 2023, patatha zaka zisanu ndi ziwiri anthu akukangana.

Boma lidasuntha malowo kupita kuphiri, pabwalo la gofu la kampani ya Lotte pafupi ndi mudzi wa Soseong-ri, ndipo kampaniyo idapatsidwa malo ena mosinthanitsa. Apa m'pamene China idalowerera. Nkhawa yake idali radar, imene idati itha kusuzumira mpaka m'kati mwa China n'kumaona mizinga yake ikamayesedwa kapena kunyamuka. America idayankha kuti radaryo idatcheredwa kuti izingoona mizinga imene ikugwera ku South Korea. China sidalengeze chilango chilichonse. M'malo mwake oyendera za chitetezo cha moto adayamba kupeza zolakwa m'masitolo a Lotte Mart, imodzi ndi imodzi, mpaka ambiri adatsekedwa ndipo kampaniyo idagulitsa masitolo ake m'dzikolo. Makampani oyendetsa alendo adauzidwa kuti asiye kugulitsa maulendo a magulu opita ku South Korea, ndipo alendo ochokera ku China adatsika kuchoka pa mamiliyoni 8 mu 2016 kufika pa mamiliyoni 4 ndi pang'ono mu 2017. Oyimba ndi ochita zisudzo a ku Korea adangozimiririka pa wailesi zakanema za ku China. Popeza padalibe lamulo lolembedwa, padalibenso pogwira pokadandaula.

Nanga bwenzi uja adachitaponji? Pa zachuma, palibe chooneka. Mu Epulo 2017 pulezidenti Donald Trump adafika ponena kuti South Korea iyenera kulipira madola biliyoni imodzi pa zidazo, ngakhale pangano lidati Korea ipereka malo ndipo America ilipira zida. Mlangizi wake wa zachitetezo, a H. R. McMaster, ndi amene adachita kuziziritsa mitima ku Seoul. Mwezi womwewo, mayi Park atachotsedwa kale paudindo ndipo kutatsala masabata awiri kuti chisankho chichitike, magalimoto onyamula zida adalowa pabwalo la gofu lija kusanache, apolisi zikwizikwi atatchinga anthu am'mudzi. Sindikayika kuti kufulumirako kudali kofuna kuti pulezidenti watsopano apeze zinthu zitachitika kale. A Moon Jae-in atalowa adadandaula kuti sadauzidwe za zoponyera zina zinayi zimene zidali zitafika m'dzikomo, n'kuimitsa kaye ntchito. Koma North Korea itaphulitsa bomba lachisanu ndi chimodzi pa 3 Sepitembala 2017, zinayizo zidaikidwa pasanathe sabata.

Pofuna kuziziritsa China, nduna ya zakunja, mayi Kang Kyung-wha, adanena mu Okutobala 2017 kuti dziko lawo silidzawonjezera THAAD ina, silidzalowa m'ndondomeko ya America yotchinga mizinga, ndiponso silidzapanga mgwirizano wankhondo wa mayiko atatu ndi America ndi Japan. China idatenga mawuwo ngati lonjezo. Boma lotsatira la a Yoon Suk Yeol lidati adali maganizo chabe a boma la nthawiyo. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma South Korea sidasankhe kukhala pakati pa dziko loiteteza ndi dziko limene imachita nalo malonda ambiri. Chowawa china n'chakuti mizinga ya THAAD imafika pafupifupi makilomita 200, ndipo mzinda wa Seoul, kumene kuli anthu ochuluka, uli kunja kwa chishango cha ku Seongju.

Ena adakana, ena sadafunsidwe

Bwenzi litha kukana, ndipo thambo siligwa. Canada, pansi pa a Paul Martin, idakana kulowa nawo ndondomeko ya America mu 2005, koma mayiko awiriwa adapitiriza kulondera limodzi mlengalenga mwawo kudzera mu bungwe lawo la asilikali la NORAD. Japan idavomereza mu 2017 kugula zida zotchinga mizinga za Aegis Ashore zoika ku Akita ndi ku Yamaguchi, koma mu Juni 2020 nduna ya zachitetezo, a Taro Kono, idaimitsa ntchitoyo chifukwa boma silikadatha kutsimikizira anthu kuti chigawo cha mzinga chimene chimathothoka ukangonyamuka sichidzagwera panyumba zawo. Chikhulupiriro chidali chitatha kale ku Akita: zidadziwika kuti miyeso ya mapiri m'lipoti la unduna idali yolakwika chifukwa idawerengedwa kuchokera pa Google Earth, ndipo pamsonkhano wofotokozera anthu, wogwira ntchito wina wa unduna adaoneka akuodzera.

Kukana n'kosavuta kusiyana ndi kukagula kwa mdani wa bwenzi lako. America ndi Germany zitachotsa mizinga yawo ya Patriot ku Turkey mu 2015, pulezidenti Recep Tayyip Erdoğan adatembenukira ku Russia n'kugula zida zotchinga mizinga ndi ndege za S-400. Zidazo zitafika mu Julayi 2019, America idachotsa Turkey m'ntchito ya ndege zankhondo za F-35, ndipo mu Disembala 2020 idaika zilango pa bungwe la Turkey logula zida. Radar ya ku Kürecik idapitirizabe ntchito pa nthawi yonse ya mkanganowo. Turkey ili ndi chokumbukira chake: mizinga ya nyukiliya ya Jupiter imene idalandira idachotsedwa mu 1963, America itagwirizana mobisa ndi Soviet Union pothetsa mkangano wa ku Cuba, eni nthaka osakhalapo.

Ku Greenland, anthu a mtundu wa Inughuit adasamutsidwa mu 1953 kupita ku Qaanaaq, makilomita oposa 100 kumpoto, kuti malo a asilikali a America a Thule, amene lero amatchedwa Pituffik, akule. Pangano lolola zimenezi lidali la Denmark ndi America. Padatenga mpaka 2004, pamene America inkafuna kukonza radar kuti igwire ntchito yotchinga mizinga, kuti boma la Greenland lisaine nawo pangano ku Igaliku.

Ku Redzikowo, pafupi ndi mzinda wa Słupsk kumpoto kwa Poland, ntchito yomanga idayamba mu 2016 ndipo idayenera kutha mu 2018. Malowo adatsegulidwa pa 13 Novembala 2024, patatha zaka 16 chisainireni pangano loyamba lija, a Sikorski ali nduna ya zakunja kachiwiri. Anthu ozungulira malowo adatsala ndi malamulo oletsa kumanga nyumba zitalizitali ndi makina opangira magetsi amphepo popanda chilolezo, kuti radar isatchingidwe. Pamwambo wotsegulira, pulezidenti Andrzej Duda adatsindika zakuti dziko lonse lapansi tsopano liona kuti Poland sililinso dera la Russia. Patatha sabata imodzi, mneneri wa unduna wa zakunja wa Russia, mayi Maria Zakharova, adati Redzikowo ili pa mndandanda wa malo oyamba kuphwanyidwa.